Sukulu Yoyandikana ndi Central

Munthu akakwera minibasi pa depoti ya mu Lilongwe n'kuuza kondakitala kuti atsikira ku Central, aliyense m'galimotomo amadziwa kuti kwawo kuli matenda. Akaona basiketi ya chakudya ndi fulasiki pamiyendo, safunsanso. Ndi ochepa amene amaganizako za nyumba zina zoyandikana ndi chipatalacho, mmene m'mamawa uliwonse mumatuluka achinyamata ovala yunifomu, kawotchi kali lende pachifuwa, akuthamangira kuwodi kuti handova isawapite. Pamenepo ndi pamene panali Kamuzu College of Nursing, imene tonse tinkangoti KCN. Pamapepala dzinali linatha mu 2021, koma pakamwa pa anthu lidakalipo, ndipo ife amene tinadutsa pamenepo timadziwana nalo kulikonse tingakumane, kaya ndi ku Nsanje, ku Chitipa kapena ku Manchester.

Malowa ndi amsinkhu umodzi ndi likulu lenilenilo. Boma linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, chipatala cha Kamuzu Central chinatsegulidwa mu 1977, ndipo koleji inayamba mu 1979 ngati nthambi ya University of Malawi. Koma mizu yake ili ku Blantyre. Kumeneko, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, National School of Nursing inatsegulidwa mu 1965, patangotha chaka chimodzi dziko litalandira ufulu, ndipo mu 1966 kunakhazikitsidwa bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi loti lizilembetsa ndi kuyang'anira anamwino ndi azamba. Izi zisanachitike, ntchito yophunzitsa anamwino inali kwenikweni m'manja mwa amishoni, m'zipatala ngati Nkhoma, Malamulo, Ekwendeni ndi Mulanje. Amishoniwo anaphunzitsa atsikana ambiri ntchito ya manja, ndipo anaiphunzitsa bwino. Koma mtsikana wofuna kukhala namwino wamkulu ankayenera kuwoloka malire. Mayi Cecilia Kadzamira anakaphunzira ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, asanabwere kudzagwira ntchito pa chipatala cha Dr. Banda ku Limbe. M'nthawi ya atsamunda, mipando ya masisitala ndi amatironi m'zipatala za boma inali ya azungu. Namwino wachikuda ankasambitsa odwala, kuwadyetsa, kutsuka zilonda ndi kuthandiza amayi kuchira. Zoganiza mmene chipatala chiyendere zinali za ena.

Choncho ntchito yoyamba ya KCN inali yodzaza mipando imene azungu anasiya. Aphunzitsi athu sankatibisira zimenezi. Kuyambira sabata yoyamba ankatiuza kuti tikatuluka pano, wodi idzakhala m'manja mwathu, ndipo munthu amene adzayang'anire anzake ayambe wadziwa yekha ntchito iliyonse imene adzawatume.

Ine ndinalowa m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene anyamata oyamba ankayamba kulandiridwa pasukulupo, odwala ena akuwatchabe adokotala chifukwa sankamvetsa kuti mwamuna angakhale namwino. Dipuloma inali ya zaka zitatu, kenaka uzamba tinkakaphunzira ku Blantyre, kuchita ntchito ku Chatinkha. Tinaphunzira kuyala bedi mpaka ngodya za shiti zikhale zothina, kutembenuza wodwala wosatha kudzuka kuti asachite zilonda zamsana, kuwerenga madontho a diripi ndi maso pa wotchi, ndi kupereka lipoti tili chilili, opanda kuyang'ana papepala. A Matironi akamayendera mawodi m'mawa, tinkamva nsapato zawo m'khonde asanafike. Ankaima pakhomo, kuyang'ana pansi, kuyang'ana mazenera, kenaka kupita molunjika pa bedi la wodwala amene unkapemphera mumtima kuti asamuone. Ankafunsa funso limodzi lokha: "Wamwa madzi ochuluka bwanji usiku uno?" Ukayamba chibwibwi, sankakalipa. Ankangotenga kapu, kumukhazika wodwalayo tsonga, kumumwetsa okha iwe ukuona. Manyazi a tsiku limenelo ankakukwanira chaka chonse.

Uwu unali utsogoleri weniweni, ndipo sindifuna kuti mbadwo wa lero uziganiza kuti utsogoleri wa anamwino unayamba ndi madigiri. Amayi aja ankadziwa wodwala aliyense, ankadziwa namwino amene mwana wake akudwala kunyumba, ankadziwa kuti mabulangete alipo angati. Za kayendetsedwe ka wodi ifenso tinkaphunzira tisanamalize: kulemba rosita, kuitanitsa mankhwala, kusunga makiyi a kabati ya mankhwala oopsa, kuyang'anira ophunzira. Zinali zokwanira wodi imodzi. Koma dziko linali ndi njala ya anamwino yoposa pamenepo.

Ambiri mwa ife titangomaliza tinatumizidwa kumaboma. Kumene ndinapita ine, sindinakhalitse ndisanapatsidwe mawodi awiri, ndipo posapita zaka zambiri ndinapezeka ndili pa tebulo la akuluakulu a chipatala. Anamwino amene ndinkawayang'anira anali amayi ophunzitsidwa kumishoni, ena amsinkhu wa mayi anga ondibereka, odziwa uzamba kundiposa kutali. Ankanditcha "a Sisitala" mwaulemu, ine ndikuwatcha "amayi", ndipo usiku zinthu zikavuta ku leba ndinkayang'ana nkhope zawo kuti ndidziwe ngati nthawi yoitana thandizo yakwana. Zimenezo zinkatheka chifukwa cha kukoma mtima kwawo. Chimene chinkandigwetsa ulesi chinali tebulo lija. Pankakhala mkulu wa zaumoyo paboma amene tinkamutcha DHO, akuluakulu oyendetsa chipatala, a maakaunti ndi a zaukhondo. Pepala la bajeti likamazungulira, ine ndinkaliyang'ana koma osaona pamene magolovesi, thonje ndi sopo zabisala. Ndinkadziwa kuti usiku wathawo mayi wina anadikira ambulansi kuchokera ku chipatala chaching'ono mpaka mbandakucha chifukwa mafuta anatha, koma sindinkadziwa kuti nkhani imeneyo ndiisandutse bwanji kuti ilowe m'mizere ya pepalalo. Ndinkalankhula ndi mtima wonse, onse ankagwedeza mitu mwachisoni, kenaka msonkhano unkapitirira pa mutu wina. Ndikacheza ndi anzanga a m'kalasi, aliyense ankasimba zofananazo kuchokera kuboma kwake.

Amene ankafuna kuphunzira kupitirira apa ankatuluka m'dziko. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo aphunzitsi ambiri a KCN anatenga madigiri awo apamwamba ku South Africa, ku Britain, ku America ndi ku Australia. Mwayi wotere unali wa anthu owerengeka, unkadalira kupeza wolipira fizi, ndipo kwa mayi wa pabanja unkatanthauza kusiya ana aang'ono kwa zaka. Ena anabwerako, ena anakhazikika komweko.

M'zaka za m'ma 1990 zinthu zinayamba kusuntha. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo dziko linayamba kusula madokotala ake. Ku KCN dipuloma inapereka malo kwa digiri ya zaka zinayi, ndipo kunatsegukanso khomo loti ife a dipuloma tibwerere kusukulu kukatenga digiri ya zauphunzitsi, ya zaumoyo wa m'madera, kapena ya kayendetsedwe ka ntchito zaumoyo. Khomo limeneli linabwera pa nthawi yake, chifukwa mu 1998 boma linakhazikitsa lamulo lopereka mphamvu kumakhonsolo, ndipo mapulani ndi ndalama za zaumoyo zinayamba kukambidwa kumaboma komweko. Namwino wamkulu wa boma, amene tinkamutcha DNO, tsopano ankayenera kuteteza zosowa za mawodi ake pamaso pa anthu amene sanalowepo mu leba. Ndimakumbukira amayi a imvi, ena amatironi kale, atakhala pa madesiki a m'kalasi ndi makakyuleta, akuphunzira kuwerengera kuti wodi ya mabedi akutiakuti imafuna anamwino angati pa shifiti iliyonse. Madzulo ankathamangira kunyumba kukaphika, usiku n'kumalemba asainimenti.

Kenaka kunabwera zaka zimene aliyense wa ife safuna kuzikumbukira koma sangathe kuziiwala. Edzi inadzaza mawodi mpaka odwala kugona pansi, pakati pa mabedi ndi m'makonde. Inatenganso anamwino enieniwo. Tinaika m'manda anzathu a m'kalasi, aphunzitsi ndi ophunzira. Otsalawo, malipiro awo sankafika pakati pa mwezi, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ambiri anakwera ndege kupita ku Britain. Amene ankapita sanali ongoyamba kumene ntchito. Anali ma inchaji, amatironi ndi aphunzitsi, anthu amene mapepala awo ankalandiridwa kunja mosavuta, omwewo amene akanaphunzitsa ndi kutsogolera otsalira. Sindinawaweruzepo, chifukwa ndinaona ma payslip awo ndipo ndinkadziwa ana amasiye amene ankawalera. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2000 anapeza kuti amayi 1,120 mwa amayi 100,000 aliwonse obereka ana amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere, ndipo wa mu 2004 anapeza 984. Ku Bottom, kumene lero ndi Bwaila, azamba ochepa ankathandiza amayi ambirimbiri usiku umodzi, ndipo ophunzira a KCN ankaphunzira uzamba m'chipwirikiti chimenecho.

Mu 2004 boma ndi abwenzi ake, makamaka DFID ya ku Britain ndi Global Fund, anayambitsa pulogalamu yapadera yothana ndi kusowa kwa ogwira ntchito zaumoyo. Malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito anawonjezeredwa ndi 52 peresenti, ndipo masukulu onse, KCN, Malawi College of Health Sciences ndi makoleji amishoni a CHAM, anauzidwa kuti achulukitse ophunzira. Chaka chomwecho mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa mwaulere. Apa ndi pamene funso la maphunziro apamwamba linasiya kukhala nkhani ya ulemu chabe. Ukachulukitsa ophunzira, awaphunzitse ndani? Namwino akapatsidwa ntchito zimene kale zinali za dokotala, monga kuyambitsa munthu ma ARV, ndani alembe ndondomeko yake, ayang'anire ubwino wake, ndi kufufuza ngati ikuyenda? Dziko silikanatha kupitiriza kutumiza anthu awiri atatu kunja n'kumadikira kuti mwina abwerako.

Pulofesa Address Malata, amene anatenga PhD yawo ku Edith Cowan University ku Australia n'kubwerera kwawo, anakhala mkulu wa kolejiyi mu 2008, ndipo m'nthawi yawo ndi mmene KCN inatsegula maphunziro a masters. Uzamba ndiwo unatsogola, ndipo m'pomveka, poona kumene imfa zinachuluka. Kenaka kunabwera masters ya uchembere wabwino, ya unamwino wa ana imene inakonzedwa mothandizana ndi University of Cape Town, ya uphunzitsi wa anamwino ndi azamba, ndi ya zaumoyo wa m'madera. Pamwamba pake panabwera PhD, kuphatikizapo ya utsogoleri wa ntchito zaumoyo yolandira anthu a ntchito zosiyanasiyana, osati anamwino okha. Bungwe la World Health Organization linasankha kolejiyi kukhala malo ake ogwira nawo ntchito pa nkhani yophunzitsa anthu a zaumoyo kugwirira ntchito pamodzi. Thandizo la PEPFAR kudzera ku ICAP ya Columbia University linalimbikitsa masukulu a anamwino m'dziko muno, ndipo ku Blantyre kunamangidwa kampasi yatsopano ku Kameza. Sukulu imene inayamba ndi dipuloma imodzi inali itayamba kusula aphunzitsi a masukulu ena onse.

Anthu ena, ngakhale anamwino anzanga, amafunsa kuti masters imamuthandiza chiyani wodwala amene ali pa bedi. Ine ndinayankhidwa ndi maso anga, chakumapeto kwa ntchito yanga, pa msonkhano wounika imfa ya mayi woyembekezera pa chipatala china cha boma. Misonkhano yotere ndinakhalapo yambiri, ndipo kawirikawiri inkathera pa kuloza chala mzamba amene anali pa naiti. Tsiku limenelo wotsogolera anali mtsikana amene ndinamulandira ndekha ali wophunzira, tsopano atabwerako ku masters ya uzamba. Anayamba ndi kunena kuti dzina la munthu aliyense lisatchulidwe. Anayala patebulo patogirafu ya mayiyo, buku la ambulansi, buku la ku labu ndi rosita ya mwezi wonse, nayamba kulemba nthawi pa bolodi: mayi anafika pa chipatala chaching'ono nthawi yakuti, foni inaimbidwa nthawi yakuti, ambulansi inanyamuka nthawi yakuti, magazi anapemphedwa nthawi yakuti, anapezeka nthawi yakuti. Atamaliza, aliyense anaona yekha kuti maola anatayika pamalo awiri, ndipo pamalo onse awiriwo mzamba uja analibe mphamvu iliyonse. Kenaka anatulutsa mafayilo a imfa zina za miyezi yapitayo, naonetsa kuti zambiri zinachitika kumapeto kwa mwezi, mafuta a ambulansi atatha, ndiponso Loweruka ndi Lamlungu, ku labu kuli munthu mmodzi. Anatembenukira kwa a maakaunti nati, "Bambo, ndalama za mafuta a ambulansi ya amayi tingazipatule kuti zisamasakanizidwe ndi za maulendo ena? Ndawerengera kuti pamwezi pamafunika malita angati, pepala lake ndi ili." Bambowo anatenga pepalalo, naliwerenga, nayamba kufunsa mafunso a munthu amene wayamba kale kuganiza za mmene achitire.

Chifundo chake sichinali choposa cha amatironi akale aja, ndipo manja ake sanali aluso kuposa a amayi a kumishoni amene anandilera pantchito. Chimene anali nacho n'chakuti ankadziwa kusonkhanitsa umboni, kuuwerenga, ndi kuuika m'chilankhulo chimene tebulo la bajeti limamva. Ankadziwanso kuteteza wantchito wake popanda kubisa choonadi. Mzamba wa pa naiti uja analowa m'chipindamo akunjenjemera, koma anatuluka atapatsidwa ntchito yokonza ndondomeko yatsopano yoitanira ambulansi. Izi n'zimene ine ndinkasowa pa tebulo lija ndili wamng'ono, ndipo zimaphunzitsika.

Zipatso zake zinaonekanso pamwamba. Mu 2011 Malawi inakhala dziko loyamba kuyambitsa ndondomeko ya Option B+, yopatsa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ma ARV a moyo wake wonse, ndipo inatheka chifukwa anamwino ndi azamba m'zipatala zing'onozing'ono ndiwo anaisenza. Chiwerengero cha imfa za amayi chinatsika kufika 675 mu 2010 ndi 439 pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016. Sindinganene kuti anatsitsa ndi madigiri okha. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo 439 ndi amayi ambiri zedi. Koma m'zaka zimenezi mawu a anamwino anayamba kumveka kumene kale sankamveka. Mayi Dorothy Ngoma anatsogolera bungwe la anamwino ndi azamba la NONM, ndipo mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anawapatsa udindo woyendetsa ntchito ya uchembere wabwino m'dziko lonse. Mayi Juliana Lunguzi, namwino ndi mzamba, anakhala phungu wa Dedza East ndi wapampando wa komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo. A Malata anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa pulezidenti wa International Confederation of Midwives, ndipo pambuyo pake anakhala Vice Chancellor wa Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, mayi woyamba kutsogolera yunivesite ya boma m'dziko muno. Tsiku limene nkhaniyo inamveka, mafoni a anamwino sanapume.

Komabe walira mvula walira matope. Namwino akamaliza masters, kawirikawiri wodi imamutaya. Makwerero a ntchito m'boma anapangidwa moti munthu akamakwera amatalikira bedi la wodwala: kuchoka pa inchaji kupita ku umatironi, kuchoka apo kupita ku ofesi ya boma, kenaka ku Capital Hill. Katswiri wa unamwino wa ana amene akufuna kukhalabe m'wodi ya ana, kumayendera odwala kwambiri ndi kuphunzitsa anzake pomwepo, amavutika kupeza mpando ndi malipiro ogwirizana ndi maphunziro ake. Akabwerera pa giredi yake yakale, ali ndi ngongole ya fizi, mabungwe omwe si aboma ndi mapulojekiti a kafukufuku amabwera ndi malipiro abwino, ndipo amapita. Mtsikana wa pa bolodi uja nayenso anakhala nafe kanthawi kochepa. Sindimuimba mlandu, ndipo kumene ali akugwira ntchito yabwino. Koma mayi wa kumudzi amene afike pa chipatala chija usiku wa Loweruka sadzamupeza.

Palinso china chimene chimandipweteka. Kwa zaka zambiri mpando waukulu wa zaumoyo paboma unkaonedwa ngati wa dokotala kapena kilinikala ofesala, ngakhale atakhala wongomaliza kumene sukulu, pamene namwino wa zaka makumi awiri pantchito, wa digiri ya kayendetsedwe ka zaumoyo, amakhala pambali pake kumulangiza. Madokotala achinyamata ambiri amene ndinagwira nawo ntchito anali anthu odzichepetsa, ndipo ena ankanena okha kuti zoyendetsa chipatala sanaziphunzire. Vuto silinali iwo, linali chizolowezi chimene tinatengera kwa atsamunda n'kuchisunga. Anamwino ndi azamba ndiwo gulu lalikulu la ogwira ntchito ophunzitsidwa m'zipatala zathu, ndipo m'zipatala zambiri zakumudzi ndi iwo amene amatsegula chitseko m'mawa n'kudzutsidwanso pakati pa usiku. Ngati dziko lalipira kuti munthu wotere aphunzire utsogoleri, limupatsenso mphamvu yosaina. Ndipo n'zomvetsa chisoni kuti m'zaka zaposachedwazi NONM yakhala ikudandaula za anamwino ophunzira bwino amene ali pakhomo osalembedwa ntchito, pamene m'mawodi namwino mmodzi akuthamanga yekha pakati pa odwala ambirimbiri, ena akumangoitanidwa pa lokamu. Mtsogoleri wophunzira chotani sangalembe rosita yabwino ngati alibe mayina oti alembepo.

Mu Meyi 2021 KCN ndi College of Medicine zinachoka mu University of Malawi n'kuphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS, ndipo Vice Chancellor wake woyamba anakhala Pulofesa Macpherson Mallewa, dokotala wa ana. Ife akale tinalandira nkhaniyi ndi mitima iwiri. KCN inali nyumba ya anamwino, yotsogoleredwa ndi anamwino, kumene mwana wa chaka choyamba ankaona ndi maso ake kuti mkulu wa koleji yonse anavalapo yunifomu ngati yakeyo. Tinkaopa kuti m'nyumba yaikulu mawu athu adzachepa. Koma tikaganiza za tebulo la kuboma lija, tinkaonanso ubwino wake. Dokotala, namwino, wa zamankhwala ndi wa ku labu amene aphunzira pa yunivesite imodzi, mwina m'kalasi imodzi ya utsogoleri, sadzakumana koyamba pa tsiku limene mayi akutaya magazi. M'yunivesite yatsopanoyi unamwino uli ndi sukulu yake, ndipo uzamba ndi uchembere zili ndi yake. Nyumba za pafupi ndi Central zija zidakagwirabe ntchito yomweyo.

Mayeso a utsogoleri umenewu sanachedwe. COVID-19 inafika mu Epulo 2020, kuphatikizanaku kusanachitike n'komwe. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inafalikira m'maboma onse n'kupha anthu oposa 1,700, yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri ya dziko lino, ndipo isanathe namondwe Freddy anagwetsa mapiri ndi kukokolola midzi ya kumwera mu Malichi 2023. M'matenti a kolera munkafunika munthu wodziwa kupeza mtsempha wa wodwala amene watha madzi m'thupi, komanso munthu wodziwa kuti madiripi otsalawo afika tsiku liti, klorini aitanitsidwe kuti, anamwino otopa asinthane bwanji, magadiyani aimitsidwe pati kuti asatenge matenda, ndi lipoti lipite kwa yani dzuwa lisanalowe. M'malo ambiri ntchito ziwirizi zinali pa mutu wa munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali namwino.

Amene amabwera kudzachita masters masiku ano ambiri ndi anthu a pantchito, ochokera kumaboma, ena ndi ana kumbuyo. Ena amapeza owalipirira, ena amadzilipirira okha ndi ngongole za kubanki kapena za banki m'khonde, ndipo tchuthi cha maphunziro amachita kuchipempha kwa miyezi, chifukwa akachoka palibe wolowa m'malo mwawo. Mitu ya kafukufuku wawo imachokera kumene akhala: chifukwa chimene patogirafu siidzazidwa mokwanira, mmene ana obadwa masiku asanakwane angasamalidwire pa chipatala chimene magetsi amazimazima, chimene chimapangitsa mzamba kuthawa chipatala chakumudzi. Awa ndi mafunso athu, ofunsidwa ndi anthu athu, ndipo mayankho ake sakuyenera kuthera pa shelefu ya laibulale. Unduna wa Zaumoyo, dipatimenti yoona za ogwira ntchito m'boma ndi Nurses and Midwives Council ndiwo ali ndi mphamvu yokhazikitsa mipando ya anamwino akatswiri m'mawodi, ndi giredi yake ndi malipiro ake, komanso yotsegula mipando yoyendetsa zipatala kwa aliyense amene anaiphunzirira. Mpaka zimenezo zitachitika mokwanira, sukulu ya pafupi ndi Central izisulabe atsogoleri chaka ndi chaka, ndipo ambiri a iwo azikalembedwa ntchito kwina.